Kachoimbira pa Mahandulo

Nkakang'ono ngati bokosi la machesi,
kofiira, kong'aluka pangodya imodzi.
Tenri anakaiwala m'thumba la jekete langa
tsiku lomwe sitima inamutenga kupita ku Balikpapan.
Mwinanso sanakaiwale. Sindinamufunse.

Poyamba ndinkakasunga m'thumba la malaya,
koma kupisa m'thumba njinga ili pa liwiro
nkudziitanira maliro.
Ndiye ndinati kakhale pa mahandulo, pamaso panga.

Chopanira cha pulasitiki chogula mumsika
chinatha masiku atatu.
Dzenje loyamba la msewu wa ku Maros, khotcho!
Ndinakatola m'ngalande, m'matope,
kakuimbabe ngati palibe chachitika.
Tepi yakuda inagwira bwino m'mawa,
pofika masana dzuwa la Makassar linali litaisungunula,
zala zanga nkumamata ngati ndagwira ulimbo.

Daeng Sikki, wokonza njinga zamoto kufupi ndi doko la Paotere,
anakatembenuza m'manja mwake mwa girisi
nkuseka mpaka kutsokomola.
"Anzako onse ali ndi mafoni, iwe ukulera chidole?"
Komabe anatenga mpeni.
Anadula patapata wakale, kachidutswa ka zala ziwiri,
ati chitsulo chikamanjenjemera
pamafunika chofewa chomeza manthawo.
Anacheka chubu nkutulutsa legeni lalitali,
anakulunga kasanu, nkukoka ndi mano,
mfundo nkuimangira pansi
pomwe chingwe cha mabuleki sichidutsa.
"Pinda," anatero. Ndinapindira uku, ndinapindira uko.
Sikanakhudze thanki.
Ndalama anakana. Anasankha nsomba ziwiri, zazikuluzo.

Tsopano folo koloko mbandakucha,
madengu awiri kumbuyo, ayisi akudonthera pa tayala,
ndimadina kabatani ndi chala chachikulu
dzanja osalichotsa pa handulo.
Kawaya kamodzi kamakwera kulowa m'chipewa,
khutu linalo ndinasiyira malole.
Ndikafika pa mzikiti ndimakazimitsa.
Mvula ikayamba ndimakaveka kajumbo ka shuga,
ine mwini nkumanyowa.

Nyimbo zakezo si zanga ayi.
Anyamata olirira chikondi m'zilankhulo zomwe sindimva,
ng'oma zothamanga ngati zikuthawa ngongole.
Ndimazisiya ziimbe. Sindinafufute ngakhale imodzi.

Koma pali nambala naintini.
Si nyimbo.
Anadina molakwitsa tsiku lina ali kukhitchini:
mafuta akuthetheka m'chiwaya,
sipuni kugwa pansi, mphaka kudandaula,
kenako mawu ake, chapatali pang'ono,
"Bambo, makiyi a njinga mwaika kuti?"
Ndiyeno ine, kuchokera kubafa,
kuyankha mokalipa,
mawu oti sindikumbuka nkomwe kuti anatuluka pakamwa panga.
Chitseko, mbwee. Zii.
Masekondi makumi awiri okha.

Amaimba foni Lamlungu lililonse,
kufunsa ngati ndikumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi,
ngati denga lasiya kudontha.
Za kachoimbira sitikamba.

Legeni layamba kuchita ming'alu.
Daeng Sikki akuti labala ndi dzuwa sizigwirizana,
likatha dzinja limodzi ndiye lalimba.
Ndasunga lina pansi pa mpando,
pamodzi ndi sipanala ndi chiphaso.

Nambala naintini imandipeza pa maloboti aja otuluka m'tauni,
ngati sindinachedwe kudoko.
Lero inandipeza atayaka ofiira.
Utsi, mahutala, njinga mazanamazana phewa ndi phewa.
Anafunsa za makiyi,
ndipo ndisanamve kukalipa kwanga kuja
ndinayankha mokweza, bwinobwino,
"Ali pa msomali, mwanangu, kuseri kwa chitseko."

Mnyamata wa pambali panga, wonyamula mabotolo a gasi,
anandiyang'ana, nkuyang'ana kachinthu kofiirako,
nkutsegula pakamwa kuti anene kanthu.
Obiriwira anayaka.
Nsomba zinali zitayamba kale kufunda.